Shuga wopserera: mbiri ya utoto wa m'miphika ya ku Caribbean

Ku Trinidad, mayi akafuna kuphika nkhuku ya msuzi sayamba ndi anyezi kapena tomato ayi. Amateleka poto wachitsulo wokhuthala, n'kuthiramo mafuta pang'ono, kenako masupuni awiri kapena atatu a shuga wabulawuni. Akatero sachokapo. Shuga uja amayamba kusungunuka cha m'mphepete, n'kuchita thovu, thovulo n'kutukumuka, mtundu n'kumadera pang'onopang'ono mpaka kufika pa wa tiyi wopanda mkaka. Kautsi koyamba kakangoti tolo, mayiyo amakhuthuliramo nyama yonse, imene yagona m'zokometsera usiku wathunthu, n'kuyamba kuitembenuza msangamsanga kuti nthuli iliyonse ivale mtunduwo. Akafulumira kuthira nyama, ndiwo zimatsekemera. Akachedwa ndi masekondi ochepa chabe, zonse zimawawa, ndipo palibenso kuchitira mwina koma kutsuka poto n'kuyambanso. Luso lonse lagona pa kamphindi kameneko. Mwana amaliphunzira ataima pambali pa mayi ake, chifukwa fungo lonena kuti nthawi yakwana silifotokozeka pakamwa.

Ku Jamaica ndi pa zilumba zina shugayu amamuwotcha payekha, n'kumusungunula ndi madzi otentha, n'kumusunga m'botolo. Amamutcha browning, ena amati burnt sugar. Ndi madzi akuda bii, onanda, owawa ukalawa, koma theka la supuni limasintha nkhope ya mphika wonse. Masiku ano wofuna kala wabulawuni wa keke amangosakaniza madontho ofiira ndi obiriwira a m'timabotolo ta m'sitolo, kapena kuthira koko kaya khofi. Timabotolo timeneti n'tadzulodzulo: utoto woyamba wopangidwa ndi mankhwala adautulukira mnyamata wa ku London, William Henry Perkin, mu 1856, ndipo udali wonyikira nsalu. Panthawiyo n'kuti anthu akuwotcha kale shuga kwa mibadwo ingapo. Mbiri ya utoto umenewu ku Caribbean ndi mbiri ya anthu amene ankalima ndi kuphika shuga wa dziko lonse, iwo eni osakhala ndi ufulu ngakhale pa matupi awo.

Nzimbe zidayamba kulimidwa ku New Guinea zaka zikwi zambiri zapitazo. Anthu a ku India ndiwo adatulukira njira yowiritsa madzi ake mpaka kuuma n'kukhala timibulu, ndipo lusoli lidadutsa ku Persia, Aluya n'kulifikitsa ku Egypt, Sicily ndi Spain. M'zaka za m'ma 1400 Apwitikizi adakabzala nzimbe pa chilumba cha Madeira, kenako ku São Tomé, kumene minda ikuluikulu inkalimidwa ndi akapolo ochokera kumtunda kwa Africa. Mu 1493 Christopher Columbus, pa ulendo wake wachiwiri, adawolotsa mbewu ya nzimbe kupita nayo ku Hispaniola. Angerezi adakhazikika ku Barbados mu 1627 n'kuyesa fodya ndi thonje, koma m'zaka za m'ma 1640 eni minda onga James Drax adatengera luso la ku Brazil n'kutembenukira ku nzimbe. Mu 1655 Angerezi adalanda Jamaica kwa Aspanya. Kuchokera apo sitima zonyamula anthu sizidaleke kuwoloka nyanja. Anthu oposa 12 miliyoni adakwezedwa m'sitimazo m'magombe a Africa pa zaka pafupifupi 350 za malondawa, ndipo ambiri a iwo ankapita ku minda ya nzimbe. Chakumapeto kwake ena ankakwerera ku Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil ndi ku Cuba, ndipo pakati pawo padali anthu ogwidwa m'madera ozungulira nyanja yathu ino.

Kuti timvetse za utotowu tiyenera kulowa m'nyumba yowiritsiramo shuga ya pa minda imeneyi. Nzimbe ikadulidwa siichedwa kusasa, choncho inkayenera kufinyidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. M'nyengo yokolola, kuyambira cha mu Januwale mpaka Meyi kapena Juni, chigayo chinkazungulira usana ndi usiku, chokokedwa ndi ng'ombe, mphepo kapena madzi. Olowetsa nzimbe pakati pa zitsulo zozungulirazo ankagwira ntchito ali ndi tulo m'maso, ndipo pafupi pankakhala chikwanje chodulira mkono wa aliyense amene zala zake zakokedwa. Madzi a nzimbe ankayenda mumngalande kulowa m'nyumba yotentha, momwe munkandandalikidwa miphika yamkuwa inayi kapena isanu pamwamba pa ng'anjo, kuyambira waukulu kufika waung'ono. Ankathiramo laimu pang'ono kuti zinyalala ziyandame, n'kumayengula thovu ndi zipande zazitali, n'kumatunga madziwo kuchoka mumphika uwu kuthira muwinawo, akunka nalimba ndi kudera.

Pa mphika wotsiriza, waung'ono ndi wotentha koposa yonse, pankaima munthu mmodzi amene phindu la munda wonse linkadalira maso ake. Iyeyu adali kapolo, koma mwini munda sakadachita kanthu popanda iye. Ankatapa kadontho ka madzi owirawo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kutambasula zalazo kuti aone kutalika kwa ulusi umene ukupangika. Ankamva ndi fungo lomwe. Akalamula kuphula msanga, shuga sankagwira timibulu. Akachedwa, yense ankapserera. Anthu amenewa ankadziwa makhalidwe a shuga pamoto kuposa wophika aliyense wa ku Ulaya, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabuku a eni minda adasunga mitengo yawo ndi zaka zawo koma sadasunge nzeru zawo.

Shuga akaphulidwa ankamuika m'mitsuko kapena m'migolo yoboola pansi kuti manyuchi adonthe kwa milungu ingapo. Wotsalayo, wofiirira ndi wonyowa, wotchedwa muscovado, ankapita pa sitima. Boma la Britain lidaika msonkho wokwera pa shuga woyeretsedwa wochokera ku zilumbazi, n'cholinga choti ntchito yoyeretsa ndi phindu lake zikhale za London, Bristol ndi Liverpool. Motero shuga woyera mbee udali wa kutsidya la nyanja, pamene chakuda chonse, manyuchi, thovu loyengula ndi zotsalira za pansi pa miphika, chinkatsala pa zilumba. Zambiri ankatchezera mowa wa ramu. Zina zinkafika m'manja mwa akapolo.

Nanga akapolowo ankadya chiyani? Eni minda ankagawa nsomba zamchere zochokera kumpoto kwa America ndipo mwa apo ndi apo nyama yamchere ya m'migolo. Zotsalazo anthu ankadzilimira okha pa timinda ta m'mapiri tsiku Lamulungu: zilazi, nthochi zophika, therere, nandolo. Uvuni adalibe, ndipo mphika udali umodzi, pamafuwa atatu. Nyama yamchere ukaiviika n'kuiwiritsa imatuwa, sipatsa mudyo. Nkhuku yoyenda yokha ndi yolimba, imafuna kuphikidwa nthawi yaitali m'madzi, ndipo nayo imatuluka yotuwa. Ophika ndi olemba mabuku a zophikaphika a ku Trinidad amanena kuti kuwotcha shuga m'mafuta musanaike nyama ndi njira ya makolo awo ochokera ku Africa. Kwa ine n'zomveka kuti anthu amene ankathera miyezi isanu pachaka akuyang'ana shuga akudera mumphika ndiwo adaona kuti kuderako kungapulumutse ndiwo za tsiku limenelo. Chimene ena akadachitaya poti chapserera, iwo adachisandutsa chokometsera. Ndipo si mtundu wokha umene shugayu amapereka. Akafika pamlingo woyenera kutsekemera kumatha, n'kutsala kakuwawa kakuya, konunkhira utsi, kamene kamagwirizana ndi mchere, adyo ndi tsabola.

Kutsidya la nyanja nakonso ophika ankawotcha shuga yemweyo. Elizabeth Raffald, mayi wa ku Manchester amene adagwirapo ntchito yoyang'anira nyumba ya anthu olemera, adatulutsa buku lake la zophika mu 1769, The Experienced English Housekeeper. M'menemo muli njira yopangira browning wosunga m'botolo: shuga woyera wosinja ndi batala pang'ono m'chiwaya chachitsulo, zikadera kuthiramo vinyo wofiira, kenako zonunkhiritsa zingapo, kuphatikizapo tsabola wa ku Jamaica. Shuga ndi tsabolayo, zonse ziwiri, zidali thukuta la pa zilumba. Pofika 1861, buku lotchuka la Isabella Beeton lidapereka njira yachidule, shuga ndi madzi basi, yoderetsera msuzi wa mafupa.

Ofulula mowa a ku London adautenga utotowu n'kuugwiritsa ntchito mwa mtundu wina. Mowa wawo wakuda wotchedwa porter poyamba unkadera chifukwa cha chimera chokazinga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 adazindikira kuti chimera choyera chimatulutsa mowa wambiri pa thumba lililonse, choncho adachepetsa chokazingacho n'kumabwezeretsa mtundu ndi shuga wowotcha. Boma, limene linkatolera msonkho pa chimera, lidaletsa zimenezi mu 1816, ndipo chaka chotsatira Daniel Wheeler adalembetsa makina ake okazingira chimera mpaka kuda, kotero kuti chochepa chabe chinkakwanira kuderetsa mowa wonse. Apa ndi pamene pakuonekera mbali ina ya utotowu, imene yakhala nawo mpaka lero: ukhoza kukometsa chakudya, ukhozanso kubisa kuti m'chakudyamo mwachepa kanthu.

Njira ziwirizi, ya ku khumbi la akapolo ndi ya m'mabuku a Angerezi, zidakumana m'khitchini za nyumba za eni minda, momwe ophika adali amayi ndi abambo akuda. Mwana wa kukumanako ndi keke yakuda ya Khirisimasi, black cake, imene ku Barbados amati great cake. Kholo lake ndi pudini ya zipatso zouma imene Angerezi amadya pa Khirisimasi, koma pa zilumba idasinthiratu. Mphesa zouma, ma prune ndi matcheri amaziviika mu ramu ndi vinyo wotsekemera kwa miyezi, mabanja ena chaka chathunthu, mumtsuko wagalasi umene sautsuka n'kuusiya wopanda kanthu: akatapamo za chaka chino amawonjezeramo za chaka chamawa. Zipatsozo amazipera mpaka kukhala phala, n'kuzisakaniza ndi batala, mazira, shuga ndi ufa wochepa. Pomaliza penipeni amathira shuga wopserera, supuni imodzi imodzi, akutakasa ndi kuyang'ana. Amaiphika pamoto wozizirira kwa maola angapo, ndipo ikangotuluka amaithiranso ramu ikadali yotentha. Keke imeneyi imakhala milungu osawonongeka. Ndiyo keke ya ukwati ku Jamaica, ku Guyana ndi ku Trinidad, ndipo mayi amene keke yake yatuluka yofiirira m'malo mwa yakuda, kapena yakuda koma yowawa, amadziwa yekha kuti achibale akakambirana pobwerera.

Britain idaletsa malonda a akapolo mu 1807, ukapolo weniweniwo n'kuthetsedwa mu 1834, ngakhale kuti anthu adakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo akale mpaka 1838. Ambiri atamasuka adachoka pa minda. Ku Jamaica adakwera m'mapiri, n'kumalima nzimbe zawozawo, kuzifinya ndi timakina tokokedwa ndi bulu, n'kuphika shuga wonyowa wogulitsa pamsika. Kwa nthawi yoyamba shuga adali wawo. Eni minda posowa antchito adatembenukira ku India. Sitima zoyamba, Whitby ndi Hesperus, zidafika ku Guyana mu Meyi 1838, ndipo Fatel Razack idakocheza ku Trinidad pa 30 Meyi 1845. Anthu ankabwera pa mgwirizano wa zaka zisanu, umoyo wake wosasiyana kwenikweni ndi umene udangothetsedwawo, ndipo dongosololi lidapitirira mpaka 1917.

Mumphika wa pelau, chakudya chimene munthu wa ku Trinidad amanyamula popita kunyanja kapena kokaonera kiriketi, mbiri yonseyi imapezekamo. Kuphika mpunga pamodzi ndi nyama ndi mwambo wa ku India ndi Persia. Chiyambi cha pelau ndi shuga wowotcha m'mafuta uja. Nyama imagonekedwa m'masamba osinja, adyo, thyme, anyezi wamasamba ndi chitsamba chonunkhira chotchedwa chadon beni, zambiri zolimidwa m'mapiri a Paramin. Ikavala mtundu amathiramo nandolo, yemweyu amene amalimidwa ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba, kenako mpunga, dzungu, mkaka wa kokonati ndi tsabola mmodzi wathunthu amene amasamala kuti asaphulike. Mpunga wonse umatuluka wofiirira modera. Pansi pa poto pamatsala zokakamira zimene amati bun-bun, ndipo anthu amazilimbirana monga momwe ana kwathu amalimbiranira nkhoko za nsima.

Ku Guyana kuli utoto wina wakuda umene udaliko nzimbe zisadafike, ndipo uyenera kutchulidwa mwaulemu. Eni dziko akale, a Lokono, a Makushi, a Wapishana ndi ena, amapala chinangwa chowawa, n'kuchikhuta, n'kuika phalalo m'chifinyiro chachitali choluka chotchedwa matapee. Akachikoka, chimafinya madzi oyera amene ali ndi poizoni wokhoza kupha munthu. Anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amadziwa za poizoni ameneyu, n'chifukwa chake chinangwa cha kondowole amachiviika masiku angapo. A ku Guyana madziwo sataya. Amawawiritsa kwa maola ambiri mpaka poizoni yense atauluka ndi nthunzi, madziwo n'kulimba, n'kuda bii. Ameneyo ndiye cassareep, ndipo wa m'mbali mwa mtsinje wa Pomeroon ndi amene amatamandidwa kwambiri. Amaphikira pepperpot, nyama yakuda yophikidwa ndi sinamoni ndi tsabola, imene amadya ndi buledi m'mawa wa Khirisimasi. Mphika wake akamauwiritsa tsiku ndi tsiku umatha masiku ambiri osasasa, chinthu chofunika zedi kumalo otentha kopanda firiji. Dandaulo la ogula ku Georgetown ndi lakuti ogulitsa ena amasakaniza cassareep ndi shuga wowotcha kuti achuluke. Mtundu umafanana, koma lilime la munthu wokulira pa pepperpot silipusitsika.

Sikuti nzeru yowotcha shugayi ndi ya ku Caribbean kokha. Ku Vietnam pafupifupi khitchini iliyonse ili ndi kabotolo ka shuga wowotcha, nước màu kummwera ndi nước hàng kumpoto, kophikira nsomba mumphika wadothi ndi nkhumba ya mazira ya pa chaka chatsopano. Ku China nkhumba yofiira ya hong shao rou imayambanso ndi shuga wosungunula m'mafuta. Kulikonse kumene kudali shuga ndi mphika, wina adauona mtunduwo n'kuufuna.

Akatswiri a sayansi adabwera pambuyo kudzafotokoza zimene ophika ankachita kale. Shuga akatentha kufika madigiri pafupifupi 160 amayamba kusweka. Amataya madzi, tizidutswa take tina n'kuuluka ngati fungo, tina n'kulumikizana kupanga timagulu tikuluikulu timene timaoneka tofiirira. Kutentha kukamakwera cha ku 180 ndi 190, mtundu umadera, kutsekemera kumachepa, kuwawa kumakula. Kupitirira 200 ndiye kuti makala ali pafupi. Mfalansa wina, Gélis, adasanthula zinthu zimenezi mu 1858 n'kuzigawa m'magulu atatu. Kudera kwa nyama yowotcha kapena khungu la buledi ndi nkhani ina, imene Louis-Camille Maillard adaifotokoza mu 1912: kumeneko shuga amakumana ndi zomanga thupi. Mumphika wa ku Trinidad zonse ziwiri zimachitika motsatizana, choyamba shuga payekha, kenako shuga ndi nyama, ndipo n'chifukwa chake msuzi wake sungaupeze pongothira utoto wa m'botolo kumapeto.

Mafakitale adayamba kupanga utotowu wambiri m'zaka za m'ma 1800. Kampani ya D.D. Williamson idayamba ku New York mu 1865, ya Sethness ku Chicago mu 1880, ndipo Coca-Cola atabadwa ku Atlanta mu 1886 msika udakula kwambiri. Lero caramel ndi umodzi mwa mitundu ya utoto wa chakudya yogwiritsidwa ntchito koposa padziko lonse. Mukatembenuza botolo la chakumwa chakuda, la soya sosi, la viniga wofiirira kapena paketi ya supu, kawirikawiri mupeza nambala E150, yotsatiridwa ndi chilembo a, b, c kapena d. Wa chilembo a ndi amene ali pafupi ndi wapakhomo, ndipo ndi yekhayo amene malamulo amalola mu Scotch whisky. Enawo amawaphika ndi sulfite, ammonia kapena zonse ziwiri, kuti ade kwambiri komanso asadikhe pansi m'chakumwa cha asidi kapena mumowa. Opangidwa ndi ammonia amakhala ndi kamankhwala kotchedwa 4-MEI. Dera la California litakaika pa mndandanda wa zinthu zokayikitsa pa nkhani ya khansa mu 2011, makampani a Coca-Cola ndi Pepsi adalengeza mu 2012 kuti asintha kapangidwe ka utoto wawo kuti kachepe. Utoto wa kufakitale adaukonza kuti upereke mtundu wochuluka ndi kakomedwe kochepa. Wapakhomo cholinga chake n'chosiyana ndi chimenecho, ndipo pamenepa ine ndili kumbali ya wapakhomo.

Ku Britain botolo la gravy browning lidali m'kabati ya pafupifupi nyumba iliyonse, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, masokosi aatali a amayi atasowa, atsikana ena ankadzola utotowu m'miyendo n'kujambula mzere kumbuyo kuti azioneka ngati avala. Patangopita zaka zochepa, mu Juni 1948, sitima ya Empire Windrush idakocheza ku Tilbury ndi mazana a anthu ochokera ku Caribbean, ndipo ambiri adatsatira m'zaka zotsatira. Adafika m'dziko limene shuga ankagawidwabe mwa muyezo mpaka 1953, m'zipinda zalendi zopanikizana momwe utsi wa shuga wowotcha ukadawayambanitsa ndi eni nyumba. Komabe mchira wa ng'ombe wa msuzi wakuda, nkhuku ya brown stew ndi keke ya Khirisimasi sizidafe. Zidakhazikika ku Brixton, ku Handsworth, ndipo kenako ku Brooklyn ndi Toronto. Makampani a kwawo monga Grace, imene idayamba ku Kingston mu 1922, adayamba kugulitsa browning wa m'botolo, ndipo kwa mayi wochoka ku ntchito ya usiku m'chipatala botolo limenelo lidali chithandizo chenicheni. Palibe chifukwa chomunyozera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mdzukulu wake akhoza kukula osadziwa kuti za m'botolomo zimatheka ndi kapu ya shuga ndi mphindi khumi.

Ku Caribbean kwenikweniko nzimbe zikutha. Kampani ya boma ya Caroni ku Trinidad idatsekedwa mu 2003, St Kitts idakolola komaliza mu 2005, ndipo Guyana, kwawo kwa shuga wa Demerara, idatseka minda ingapo mu 2016 ndi 2017. Shuga amene akuwotchedwa m'miphika ya ku Port of Spain lero ndi wogula kunja. Mwambo wapitirira mbewu imene idaubala.

Kapangidwe ka shuga wowotcha wosunga m'botolo sikadasinthe. Pamafunika poto wokhuthala pansi, wakuya, wouma bwino. Chiwaya chopyapyala chimawotcha malo amodzi ena asanasungunuke. Shuga wabulawuni wamba, monga wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa amene ali m'nyumba zathu zambiri, ndi woyenera. Kapu imodzi ya shuga imafuna theka la kapu ya madzi, ndipo madziwo akhale owira, ali pafupi moto usanayatsidwe, chifukwa shuga akayamba kudera nthawi yokatereka ketulo palibe. Moto ukhale wapakati. Poyamba shuga amaumbika timiyala, wophika n'kumaona ngati zalakwika, koma akamatakasa modekha ndi mthiko wautali timiyalato timasungunuka. Kenako pamabwera thovu, mtundu wa uchi, wofiirira, wa khofi. Utsi ukayamba, mawindo akhale otsekula ndipo ana akhale kutali, pakuti shuga wosungunuka ndi wotentha kuposa madzi owira ndipo akagwera pakhungu amakakamira. Kadontho pa mbale yoyera kamaonetsa mtundu weniweni, umene mumphika wakuda suoneka bwino: kakhale kakuda pakati koma kofiirira m'mphepete.

Pamenepo poto amachotsedwa pamoto, ndipo amene akuphika pa mbaula aphuliretu n'kuika pansi, chifukwa makala sachepetseka msanga. Madzi amathiridwa pang'onopang'ono, dzanja litatalikira, nkhope itapenya kumbali, popeza nthunzi imakwera mwaukali ndipo shuga amathovoka. Madzi ozizira amaumitsa shugayo kukhala mwala n'kuwonjezera kuthovokako. Phokoso likatha, poto amabwerera pamoto wochepa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti zokakamira zonse zisungunuke. Akazizira amalimba pang'ono, ndipo m'botolo loyera lotseka bwino amakhala milungu yambiri, makamaka mufiriji. Mphika wa nyama wa banja umafuna theka la supuni yaing'ono kapena imodzi. Keke yakuda imafuna masupuni aakulu angapo, ndipo ophika a ku Jamaica amathira mpaka phala la kekeyo litatsala pang'ono kufika pa mtundu umene akufuna, poti mu uvuni limakaderanso.